Mahari a Mipando Iwiri

Alamu anga a Abdulhamid anakhala ndi akazi awiri kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo wamkulu sanali achemwali anga. Wamkulu anali galimoto. Ine ndine Ummy, mng'ono wawo wa a Rahila, ndipo ndakhala nawo pakhomo limodzi kuno ku Linga chithereni banja langa, choncho zomwe ndikunenazi si za m'maluwa.

Galimotoyo inali MG, yopangidwa ku Mangalande mu 1967, yobiriwira ngati ndere, yotsika moti munthu ukakhalamo umangokhala ngati uli pamkeka. Mipando inali iwiri basi. Denga lake linali la tenti lopinda, lomwe makoswe anamaliza kalekale, ndipo matayala anali a sipoko ngati a njinga. Anaipeza ku esiteti ya nzimbe ku Dwangwa, komwe ankagwira ntchito kugalaja asanakwatire. Mwini wake, mzungu wina woyang'anira makina, anaigwetsera m'ngalande yothirira nzimbe, injini n'kumwa matope, ndipo pobwerera kwawo mu 1984 anagawa katundu wake yense kwa antchito. Anthu anzeru anatenga firiji, mabedi ndi mipando. Alamu anasankha mtembo wa galimoto, n'kuukweza pa lole mpaka kuno.

Patapita zaka ziwiri anakwatira achemwali, kwathu ku Liwaladzi. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Pa Chisilamu chathu mkazi amatchula yekha mahari, chinthu chomwe mwamuna ayenera kumupatsa iye mwini, osati makolo ake. Ena amatchula makina osokera, ena nsalu. Achemwali nthawi imeneyo anali ndi pakamwa pakuthwa ngati chikwanje. Atafunsidwa ali kuseri kwa katani, anayankha kuti akufuna kukwera galimoto yobiriwira ija, ikuyenda yokha popanda woikankha, kuchokera ku Linga mpaka pakhomo pa mayi athu. Azibambo anaseka mpaka kutsokomola. Shehe wa nthawiyo anati pawonjezeke kanthu kogwirika m'manja, ndiye panabwera ndolo ziwiri, koma mawu oyambawo mboni zinali zitamva kale, ndipo mkwati anavomera pamaso pawo. Anati miyezi itatu ikwana.

Ndisawanamizire, sanali munthu waulesi. Anali makanika wodziwika kuyambira ku Benga mpaka ku Kanyenda. Injini za maboti, zigayo, maminibasi, mapampu othirira mpunga, zonse zinkafika pakhomo pathu zitafa n'kubwerera zikulira. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, wovala kofia yoyera yomwe nthawi zonse inkakhala ndi chidindo cha chala cha girizi kutsogolo. Akamamasula chinthu ankayala nsalu yoyera pamkeka, bawuti iliyonse n'kuitsuka ndi palafini, n'kuigoneka pamzere monga inachokera. Wina akaponda nsalu imeneyo ndi pomwe unkadziwa kuti nawonso amakwiya.

Ntchito za anthu ankamaliza tsiku limodzi kapena awiri. Ya m'shedi mwawo ndiyo inakana kutha. Akakonza mawaya, makoswe ankadya. Akamaliza mabuleki, ankapeza dzimbiri litaboola pansi pa mipando, n'kuyamba kudula mgolo kuti awotcherere. Zipangizo za galimoto yotere kuno sizipezeka, ndiye ankadalira mphwawo Faruku wa ku Joni, ndipo kachitsulo kamodzi kankatha kuyenda miyezi isanu m'zikwama za anthu. Injini inalira koyamba mu 1998, galimoto ili pa zitsa, matayala ali m'malere. Tinasangalala, tinaphika mpunga wa nazi. M'mawa mwake tinawapeza ataimasulanso yonse chifukwa ati penapake pankagogoda. Ndikawanena ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ine n'kuwabwezera kuti zengerezu analinda kwawukwawu.

Ana atatu anabadwa, kukula mpaka kuchoka pakhomo. Mayi athu anamwalira mu 2004 osaiona galimoto ija ikulowa pabwalo pawo. Achemwali sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenechi ndicho chinkandiwawa koposa. Chaka chilichonse pa Idi ankavala zatsopano, kupita m'shedi, kupukuta mpando wa kumanzere, n'kukhalapo kanthawi ali phee, maso ali kukhoma. Kenako ankatsika n'kubwerera kukhitchini. Ine ndinkawakwiyira m'malo mwawo, ndipo ndinkakwiya mokwanira anthu awiri.

Tsopano ndinene za paipi. Galimoto imeneyi ili ndi makabuleta awiri, tiziwiya tooneka ngati timiphika tovundikira, momwe injini imakokera mpweya ndi petulo. Alamu ankati awiriwa ayenera kupuma mofanana ndendende, wina akaposa mnzake injini imatsimphina. Pofuna kuwalinganiza ankatenga paipi ya labala yakuda, yotalika ngati mkono, mbali ina kukhutu, mbali ina pakamwa pa kabuleta, n'kumamvera mpweya ukulowa. Luso limeneli anaphunzira kwa mzungu uja, paipinso inali yomweyo. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kumvera nayo injini iliyonse, ndipo ankatchula matenda ake asanagwire sipanala. Ankayenda nayo ataikoloweka m'khosi.

Tsiku lina mu 2011 a Tahiru, mwini maboti awiri, chimunthu chonenepa chokonda nthabwala, anabweretsa injini yawo. Alamu atamaliza kuimvera, a Tahiru anatsegula malaya n'kunena kuti awamverenso iwo, mwina mapulagi atha. Tonse tinaseka. Alamu anaika paipi pachifuwa paja akumwetulira, ndipo ndinaona kumwetulirako kukuchoka pang'onopang'ono. Anasuntha paipi kumanzere, kumanja, kumanzere kachiwiri. Anangowauza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo. A Tahiru ananyamula injini yawo akuseka, ndipo tinawaika m'manda Lachisanu la sabata yomweyo.

Kamodzi anthu amati zangochitika. Koma patatha chaka dalaivala wina wa minibasi wa ku Benga, pofuna kusonyeza anzake kuti iye saopa, anagwira yekha nsonga ya paipi n'kuidinikiza pachifuwa pake alamu ali mkati momvera injini. Alamu anachotsa khutu msanga, koma anali atamva kale. Sanathe kubisa nkhope. Munthu uja sanaone mwezi wotsatira.

Kuchokera pamenepo anthu akawaona akubwera ndi paipi m'khosi ankapatukira mbali ina ya msewu, azimayi n'kufunditsa makanda. Iwo anasiya kuyenda nayo, anaipachika pa msomali m'shedi, ndipo aliyense wowapempha kuti amumvere ankamukanira mwaukali. Ankati iwo si sing'anga, khutu lawo linangozolowera kumva chinthu chikamakoka mbali imodzi. Ine ndinkati zonsezi ndi mantha a anthu osowa chochita. Masana ena ndikufuna tsache m'shedimo ndinaichotsa pa msomali n'kuiika kukhutu, nsonga inayo ikulendewera pamwamba pa dothi. Ndinamva kupuma. Sikunali kuwomba kwa mphepo m'paipi ayi, kunali kukoka ndi kutulutsa, pang'onopang'ono, ngati munthu wogona kukamwa kuli yasa. Ndinaibwezera pa msomali, ndipo tsiku limenelo pabwalo sindinasese.

Mu Juni 2023 mwera unawomba masabata awiri osapuma, ndipo achemwali anagwidwa ndi chifuwa choipa. M'mawa wina dzuwa litangotuluka ndikutsuka mbale, ndinaona alamu akutuluka m'nyumba yogona paipi ija ili m'manja. Paipi imene kwa zaka khumi ndi chimodzi sinatulukepo m'shedi. Nkhope yawo inali yomwe ija ya tsiku la a Tahiru. Sanandipatse moni. Analowa m'shedi, ndipo pasanathe nthawi ndinamva jeke ikulira.

Munthu amene anadekha zaka zonsezo anasanduka wina. Anabweza zigayo ndi injini za maboti zomwe zinali pamzere. Anatsitsa galimoto pa zitsa, anapopa matayala, anasoka mpando wa kumanzere ndi chikopa chatsopano. Ankaiwala kudya. M'nyumbamo achemwali ankatsokomola, m'shedimo nyundo inkagogoda, ndipo ine ndili pakati ndinawerengera ndekha: amva imfa m'chifuwa cha achemwali, tsopano akuthamangira kupereka mahari mwini wake asanapite.

Chomwe chinatsala chinali kachinthu kamodzi kotchedwa rota, kakang'ono ngati chala chachikulu, kakuda, ka mkuwa pamwamba. Kamazungulira n'kumagawira moto ku mapulagi, ndipo popanda iko injini siilira. Kakale kanali katang'aluka. Katsopano kanafika Lachitatu ndi munthu wochokera ku Joni. Alamu anakagoneka pa nsalu yoyera ija n'kupita kumzikiti kukaswali masana.

Zomwe ndinaganiza ndi zopusa, ndipo ndikudziwa kuti ndi tchimo, chifukwa tsiku la munthu linalembedwa kale. Koma ndinaganiza kuti achemwali adikira ulendo umenewu moyo wawo wonse, ndipo munthu wodikira sachoka. Galimoto ikayenda, chowagwira pansi pano chidzatha. Ndinalowa m'shedi, ndinatola rota ija, n'kukaikwirira m'chidebe cha mpunga kukhitchini.

Anaifunafuna masiku asanu ndi anayi. Anatulutsa chilichonse m'shedi. Anasefa mchenga wa pansi ndi sefa ya ufa, atagwada, dzanja limodzi lili pa nthiti. Ananamizira akhwangwala, ananamizira makoswe, koma munthu sanamuloze chala. Anaimbira Faruku, yemwe anati ina ingafike pakatha miyezi iwiri. Ankakhala pansi pafupipafupi, malaya anayamba kuwakulira, ine n'kumati ndi chisoni. Chifuwa cha achemwali chinayamba kuchepa. Ndinkayenda pabwalo monyada, ndikudziona ngati ndapusitsa mngelo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinali kuseri kwa khitchini ndikuyanika chinangwa chovuula pathandala. Alamu anabwera n'kukhala pa mtondo wogwetsa, chinthu chomwe sanachitepo. Anapuma kaye nthawi yaitali.

“Mlamu,” anatero, “m'mawa uja paipi sindinaike pachifuwa cha achemwali anu. Iwo aja injini yawo ili bwino, ifika kutali. Ndinadzimvera ndekha. Mbali imodzi yasiya kukoka.”

Chinangwa chinandipulumuka m'manja. Ndinayamba kulalata kuti nanga akukhaliranji pa mtondo m'malo mopita kuchipatala. Anati anapita kale, adokotala anamvera ndi paipi yawo n'kumva zomwezo, ndipo mapiritsi akumwa.

“Ndibwezereni kanthu kanga,” anatero motsitsa mawu. “Sindikufuna kuti Shehe adzafunse za mahari pa maliro anga, achemwali anu n'kusowa choyankha.”

Sanandifunse chifukwa chake, ndipo zikanandipepukira akananditukwana. Ndinapisa mkono m'chidebe muja, n'kuona kuti kali pansi kwambiri kuposa pomwe ndinkakumbukira. Ndinakapereka ndi manja awiri nditagwada, ndikulira ngati mwana.

Injini inalira madzulo omwewo. Masiku awiri otsatira anawathera pa makabuleta. Ndinkawaona ataweramira m'boneti, paipi ili kukhutu, maso atatsinzina, akupotoza sikuluwu pang'ono ngati tsitsi, kumvera kutsogolo, kumvera kumbuyo. Nthawi zina ankaima chiimire kwa mphindi zambiri moti ndinkayandikira kuti ndione ngati akupuma. Lolemba masana anaweramuka, anakoloweka paipi m'khosi, n'kunena mawu amodzi okha, kuti zalingana.

Tinanyamuka Lachiwiri cha m'ma eyiti koloko. Mwera unali utaleka usiku wake, masamba a migwalangwa ali zii. Achemwali anavala mpango wobiriwira ndi ndolo zija za 1986. Alamu anawatsegulira chitseko. Ine ndinakwera pikapu ya a Zaidi, mnzawo wa ubwana wogulitsa mpunga, amene anati atsatire pambuyo ndi chingwe chokokera, poti galimoto ya zaka zoterezi siidalirika. Ndinkayembekeza kuti anthu aimba nthungululu. Anatuluka ndithu m'nyumba ndi m'magolosale, koma anangoima m'mbali mwa msewu osalankhula, ena atagwira pakamwa.

Galimoto ija inkayenda bwino mochititsa mantha. Kulira kwake kunali kosalala, kopanda kutsokomola. Tili pambuyo tinkaona mitu yawo iwiri, kofia yoyera ndi mpango wobiriwira. Alamu ankatembenukira kwa achemwali pafupipafupi, akuloza minda ya mpunga, ndipo pofuna kupitirira njinga ankatulutsa mkono kunja. Tinawoloka Kaombe, tinafika pa mlatho wa Bua.

Titangowoloka Bua, kofia ija inasiya kugwedera. Alamu sanatembenukenso, sanalozenso kanthu, mkono sunatulukenso. Ndinawauza a Zaidi, iwo anati munthu akuyang'ana msewu. Galimoto inkazemba maenje onse bwinobwino. Mbuzi zitalowa mumsewu inachepetsa liwiro, tinamva giya ikusintha, n'kuyambanso kuthamanga. Mpango wobiriwira unali utapendekera pang'ono kumanja. Tinayenda choncho mtunda wonse wotsalawo. Pa Liwaladzi inakhotera yokha m'kanjira kamchenga kopita kwathu, inadutsa pakati pa minda ya chinangwa, n'kukaima pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa mayi, pomwe pano pamakhala achimwene athu a Kalilu. Injini inazima.

Palibe anatsika. A Zaidi anathamangira komweko akuseka, manja ali m'mwamba kuti amuyamikire mnzawo, ndipo atafika pachitseko anaima. Ndinawamva akunena chapansipansi kuti kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera. Alamu anali atakhala mowongoka, maso ali kumsewu, dzanja lamanja lili pa chiwongolero, lamanzere pa giya, ndipo pamwamba pa dzanja lamanzerelo panali dzanja la achemwali. Zala za alamu tinachita kutambasula chimodzichimodzi. A Zaidi asambitsa maliro ambiri pamoyo wawo. Atagwira khosi ndi mikono anandiyang'ana n'kunena kuti munthuyu sanamwalire pompano ayi.

Tinawabweretsa ku Linga pa pikapu ija ndipo anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Asananyamule jeneza, chithatha cha maliro, Shehe Sufiyani anaima pakhomo la nyumba yomwe tinali azimayi. Iwowa anali mmodzi wa mboni pa ukwati uja ali achinyamata, ndipo anali m'gulu la omwe anaseka. Anafunsa mwa mwambo ngati mayi wa nyumba analandira mahari ake, kapena ngati akukhululuka zotsala kuti mwamuna apite wopepuka. Panja ponse panali zii, chifukwa nkhani ya pa Bua inali itafika kale.

“Palibe chokhululuka,” anayankha achemwali. “Anandifikitsa mpaka pakhomo.”

Galimoto ija ikadali pansi pa mango ku Liwaladzi. A Kalilu anaimangira kadenga ka malata. Anabwerapo anthu a ku Lilongwe ofuna kuigula, achemwali anakana. Palibe anayesapo kuiliza, ndipo a Kalilu amati nkhuku zawo, zomwe zimakwera paliponse, pa iyo sizitera. Paipi ili m'sutikesi mwa achemwali, yokulungidwa mu nsalu yoyera ija.

Ine ndinatsala ndi masiku anga asanu ndi anayi. Ndinkawawerenga pogona ndi podzuka. Ndikanapanda kubisa kachinthu kaja, bwenzi atafika ku Liwaladzi ali moyo, atatsika, atawatsegulira achemwali chitseko, atamwa tiyi pakhonde pa mayi. Ndinawabera zimenezo onse awiri. Ndinapirira miyezi iwiri, achemwali ali m'nyumba pa eda yawo ya umasiye, mpaka tsiku lina tikusankha mpunga pa lichero ndinaulula zonse.

Sanadzutse mutu. Anati pa mlatho wa Bua alamu anawauza kuti agwire mpango ungauluke, ndipo amenewo ndiwo anali mawu omaliza. Atasanjika dzanja lawo pa la amuna awo anamva likuzizira, koma linkasinthabe giya pansi pa dzanja lawolo, ndiye anaona kuti si bwino kusokoneza munthu ali pa ntchito. Za m'mawa wa paipi uja anati anali maso. Anawaona atakhala m'mphepete mwa bedi akudzimvera okha, achemwaliwo n'kunamizira kugona.

“Rota yakoyo ndinaiona tsiku lomwe unaibisa, popala mpunga wa madzulo,” anatero. “Ndinadziwa kuti bambo aja sangachoke galimoto isanayende. Ndiye ndinaikankhira pansi penipeni, n'kumapala wa pamwamba wokha.”

Ndinasiya kusankha mpunga n'kuwayang'ana.

“Masiku naini aja ndiwe unandipatsa, Ummy. Ukanapanda kubweza, bwenzi ndikuthirabe mpunga pamwamba mpaka lero.”

Anatola kamwala m'lichero n'kukaponya pabwalo, kenako anandiuza kuti ndikaike madzi pamoto.